Game of Thrones, bokosi la ma DVD: nyenyezi zitatu pa zisanu

Ndinagula bokosi lonse la sewero la pa TV limeneli, masizoni 8, magawo 73, ndipo tinkaonera ndi mayi a kunyumba usiku ana akagona. Zithunzi n'zowala bwino, mawu akumveka, palibe disiki yomwe inajemapo. Amene simunaonere lekerani pompano, chifukwa ndiulula mathero.

Chimene chikundiwawabe mpaka lero ndi Daenerys. Mtsikana ameneyu tinayenda naye kuyambira alibe kalikonse. Ku Astapor anamasula akapolo. Ku Meereen, bambo wina woweta mbuzi atamutulira mafupa a mwana wake yemwe anapsa ndi moto wa Drogon, chimodzi mwa zinjoka zitatu za Daenerys, Daenerys anatenga zinjoka ziwiri zinazo n'kuzimanga maunyolo m'chipinda cha pansi, misozi ili mbwembwembwe. Chifukwa cha mwana mmodzi yekha! Ndiye m'gawo lachisanu la sizoni yomaliza ya 2019, mabelu a ku King's Landing, likulu la ufumu, alira, asilikali ataya malupanga, mzinda wagonja, munthu yemweyo n'kuyamba kuwotcha amayi ndi makanda m'misewu.

Ena amati nkhanzazo anali nazo kale. Inde, anapachika eni akapolo 163, anawotcha Randyll Tarly ndi mwana wake Dickon atakana kumugwadira. Koma amenewo ankawaona ngati adani. Kuti mtima ufike popha anthu wamba amene akuthawa pamafunika nthawi, tiuone ukuwola pang'onopang'ono. Apa mlangizi wake Jorah wafa, mnzake wapamtima Missandei wadulidwa mutu, basi kwacha munthu wasanduka wina. Emilia Clarke, yemwe anasewera ngati Daenerys, anasewera ndi mtima wonse, koma magawo 6 okha a sizoni yomalizayi sakanasenza katundu wotere.

Jaime Lannister nayenso olemba seweroli anamuchita chimodzimodzi. Uyu ndi amene anaulula kwa Brienne, msilikali wamkazi, ali m'bafa, kuti anapha mfumu Aerys pofuna kuti mzinda usapse ndi anthu ake. Kumapeto akuuza mng'ono wake Tyrion kuti za anthu osalakwa sanazilabadirepo kwenikweni, n'kukafera m'manja mwa Cersei, mlongo wake yemwenso anali wachikondi wake. Kubwerera kwa Cersei ndikanakumvetsa, chikondi chimapusitsa. Koma mawu amenewo anafafaniza Jaime amene tinamudziwa. Mayi a kunyumba anangoti, "Bambo a Chisomo, uyu si yemwe uja," n'kupita kukagona gawo lisanathe.

Bokosili ligulidwe ndithu chifukwa cha masizoni anayi oyamba, ife tawabwereza kale kawiri. Madisiki a sizoni yomaliza sitinawatulutsenso.