Vilankulo kapena Inhassoro: mugone kuti pokaona zilumba za Bazaruto?

Mahotela a pazilumba za Bazaruto ndi a anthu a matumba olemera. Ambirife timagona kumtunda, m'mawa n'kukwera boti, madzulo n'kubwerera. Matauni ogonako ndi awiri, Vilankulo ndi Inhassoro, onse m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, moyang'anana ndi zilumba zisanu: Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi kakang'ono ka Bangue. Ine ndinagonako konse kuwiri, ndipo ndikuti ngati mulibe boti lanulanu kapena gulu lalikulu, pitani ku Vilankulo.

Nkhani yagona pa boti. Mafuta ndi okwera mtengo, ndiye ulendo umapepuka mukachulukana n'kusonkherana. Ku Vilankulo alendo sasowa, poti kuli bwalo lomwe ndege zochokera ku Johannesburg ndi Maputo zimatera. Madzulo mukangouza mwini malo ogona kuti mawa mukufuna chilumba, kukacha mumapeza anzanu akudikira kugombe. Ku Magaruque, komwe ndi pafupi, mumapita pa ngalawa ya thanga. Wophika amasonkha moto m'bokosi lodzaza mchenga m'ngalawa momwemo, ndipo pofika masana mpunga, nsomba ndi nkhanu zimakhala zapsa. Kuti mukafike ku Bazaruto ndi ku Two Mile Reef, komwe nsomba zamawangamawanga zimakuzungulirani mukamira ndi magalasi osambirira, pamafunika boti la injini. Phiri la mchenga la kummwera kwa Bazaruto musalilumphe. Kwerani mutavala nsapato, mchengawo umaotcha, koma pamwamba mudzaona madzi obiriwira atalukana ndi mizere ya mchenga woyera mpaka ku Benguerra.

Chomwe chimadabwitsa ife ozolowera nyanja ya Malawi n'chakuti madzi a kuno sakhala pomwe munawasiya. Kawiri patsiku amaphwera, ndipo ku Vilankulo amathawira kutali kwambiri, ngalawa n'kutsala zitapendekeka pamchenga, amayi n'kumatola nkhanu ndi nkhono pomwe m'mawa panali nyanja. Choncho nthawi yonyamukira imatengera madzi. Woyendetsa akati sikisi koloko, fikani isanakwane.

Inhassoro ili chakumpoto. Mukachokera ku Malawi pagalimoto, kudzera ku Mwanza, Tete, Chimoio ndi Inchope, n'kutsika ndi msewu wa EN1 kuwoloka mtsinje wa Save, mphambano yake ndi yomwe mumayamba kuipeza. Ndi tauni ya asodzi, yabata, ya gombe lalitali. M'mawa mumaona mizere ya anthu akukoka khoka, monga zimakhalira kwathu kunyanja, ndipo nsomba mumagula zikadaphiriphitha. Ndinaikonda ndithu. Chuma chake china ndi Santa Carolina, chomwe chili pafupi kuchokera kuno. Pachilumbachi pali bwinja la hotela yomwe wamalonda wina wa Chipwitikizi, Joaquim Alves, anamanga m'zaka za m'ma 1950, makoma ali chiimire koma mazenera ali pululu, pansi pake madzi oyera mbee.

Vuto ndi lomwe lija. Alendo ambiri a ku Inhassoro ndi a ku South Africa okonda kuwedza, ndipo amabwera atakoka maboti awo. Ine ndinadikira masiku atatu kuti papezeke anthu osonkherana nawo, mpaka ndinalipira mipando yopanda anthu. Mukakhala banja lalikulu kapena gulu la kuntchito, vutoli palibe.

Kulikonse komwe munganyamukire, zilumbazi ndi malo otetezedwa kuyambira 1971, ndipo kuchokera mu 2017 omwe akuziyang'anira mogwirizana ndi boma ndi a bungwe la African Parks, omwewo a ku Majete, Liwonde ndi Nkhotakota. Pali ndalama yolowera, ndiye funsani musanakwere ngati ili kale mu mtengo wa boti. Muziipereka ndi mtima umodzi, chifukwa m'madzi amenewa ndi momwe mwatsala gulu lalikulu la ma dugong kum'mawa konse kwa Africa, nyama zofatsa zodya udzu wa pansi pa nyanja. Januwale mpaka Malichi ndi nyengo ya anamondwe, ndipo Favio anagumula Vilankulo mu Febuluwale 2007. Pitani pakati pa Julayi ndi Okutobala, pomwe anamgumi amadutsa kuseri kwa zilumbazi.