Kalasi ya IELTS ya pa WhatsApp ija, mwezi watha tsopano

Anzanga a unesi mwakhala mukundifunsa ku inbox za kalasi ndinalowa ija yokonzekera IELTS, mayeso a Chingerezi aja, ndiye ndingoyankha kamodzi pompano. Ine chimandizunguza mutu ndi Writing Task 1, kuja amakupatsa girafu kuti ufotokoze m'mawu osachepera 150 pa mphindi ngati 20, ndipo za chiwerengero cha anthu zimabwerabwera. NMC, bungwe lolembetsa manesi ku UK, imafuna 6.5 pa writing, mbali zina za mayesowo 7, ndiye sizocheza ayi.

Chomwe aticha athu anandigwira nacho mtima ndi ichi, m'malo motipatsa magirafu a mayiko oti sitinapondeko anatenga manambala a kalembera wathu wa 2018, wa NSO, ofesi ya boma yowerengera anthu ku Zomba ija. Tinapezeka tilipo 17.5 miliyoni, pomwe mu 2008 tinali 13 miliyoni. Apa ndi pomwe ndinamva kusiyana kwa rose to ndi rose by, zomwe ndakhala ndikungosakaniza kuyambira ku sekondale, kuti rose to ndi pomwe tafika pomwe rose by ndi owonjezerekawo, 4 miliyoni ndi theka. Densely populated anangoti ganizani Ndirande, sparsely populated ganizani ku Nyika, basi zinalowa osatulukanso. Population density yathu anthu 186 pa sikweya kilomita, rural 84 mwa 100 aliwonse, ukamalemba umawaona anthuwo m'maso.

Manyazi anandigwira pa birth rate ndi fertility rate, ine nesi wathunthu woti ndagwirapo ku mateniti koma ndimayesa ndi chinthu chimodzi kkkk. Kani birth rate ndi ana obadwa pa chaka pa anthu 1,000 aliwonse, fertility rate ndi ana omwe mayi mmodzi amabereka moyo wake wonse tikawerengera pakatikati.

Koma zodandaula zilipo. Ma voice note awo ndi atali ngati ulaliki wa pamaliro, bandulo imatha usanamve mfundo, ndipo nkhani ukatumiza Lolemba kuchonga kwake mwina Lachisanu usiku iwe uli pa naiti. Speaking ndiye kulibiretu, amangoti pezanani awiriawiri muziyimbirana, mnzanga amene anandipatsa sanayankhepo foni olo kamodzi.

Mwezi wamawa ndilipiranso chifukwa cha magirafuwo. Wa speaking ndikusakabe, amene ali siriyasi andipeze ku inbox, ndimamasuka ikakwana 7 madzulo.