Maganizo anu kapena mfundo yokhala ndi gwero: cholemba pa Wikipedia n'chiti?

Mukamalemba za Nsanje kapena Chikwawa pa Wikipedia, nkhokwe ya chidziwitso ya pa intaneti yomwe aliyense angalembemo, chiganizo chilichonse chimachokera m'mutu mwanu kapena m'buku, nyuzipepala ndi malipoti oti wina aliyense angawapeze.

Mfundo yokhala ndi gwero: "Namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022." Pambuyo pake mumaika dzina la nyuzipepala, tsiku ndi linki.

Maganizo anu: "Madzi amasefukira kuno chifukwa akumtunda anadula mitengo." Mwina n'zoona ndithu, koma ngati simunatchule katswiri amene anasindikiza zimenezo, zikadali zanu.

Nthawi: kulemba maganizo kumatenga mphindi ziwiri, koma mfundo mwina tsiku lathunthu komanso bandulo ya intaneti.
Kukhalitsa: maganizo amaikidwa chizindikiro chofunsa gwero, kenako amafufutidwa, mfundo imakhalabe ngakhale akonzi asinthane.
Pakabuka mkangano: wamaganizo amangoti "ndine wa konkuno", wamfundo amaloza tsamba.

Msampha womwe umakola ambiri ndi kulumikiza. Lipoti lina likanena za nzimbe za ku Nchalo, lina za kuchepa kwa madzi, inu n'kuikapo "choncho" pakati, mwalemba zomwe malipotiwo sananene.

Zowawa kwambiri ndi nkhani ngati ya Mbona ku Khulubvi. Zimene agogo amasimba n'zamtengo wapatali, komabe Wikipedia imafuna zosindikizidwa. Pezani wofufuza amene anazilemba, mumutchule dzina m'chiganizomo.

Wofuna kupereka maganizo alembere nyuzipepala kapena pa Facebook. Wikipedia ikuyenera wodekha, wokonda kufufuza.