Ngwazi Yatsopano Kapena Dzina Lobwereka?

Makampani a makomiki a ku America akafuna kuti anthu akuda azioneka nawo pakati pa ngwazi, amatsata imodzi mwa njira ziwiri.

Yoyamba ndi kupatsa munthu watsopano dzina lotchuka kale. Miles Morales, mnyamata wa ku Brooklyn, bambo ake akuda, mayi ake a mtundu wa ku Puerto Rico, anakhala Spider-Man mu 2011. Dzina lotere limadzigulitsa lokha. Vuto lake n'lakuti ndi lobwereka, mwiniwake akhoza kubwera kudzalitenga. Sam Wilson, ngwazi yachikuda, analandira chishango ndi dzina la Captain America mu 2014, koma mu 2017 anachisiya, dzina n'kutsala kwa Steve Rogers, mwiniwake woyamba.

Yachiwiri ndi kuumba ngwazi yakeyake. Iyi imachedwa, ndipo malonda akavuta imafera m'njira: makomiki a kampani ya Milestone, kumene kunachokera ngwazi yachikuda yotchedwa Static, anayamba mu 1993 n'kuima mu 1997. Black Panther anaoneka koyamba mu 1966, filimu yakeyake n'kudzatuluka mu 2018, patapita zaka 52. Koma ikatheka, palibe wolanda. Wakanda, dziko lopeka la mu Africa kumene Black Panther ali mfumu, ndi lake, zovala ndi zake, ndipo m'filimumo mumamveka Chixhosa chenicheni cha ku South Africa. Ifeyo timasankha yachiwiriyi, makamaka wotsogolera akakhala wakuda ngati Ryan Coogler, amene anatsogolera filimu ya Black Panther.