Timitengo ta Cuisenaire, ndatigwiritsa ntchito matemu awiri mkalasi mwanga

Anzanga aziphunzitsi a makalasi oyambirira, ndi inu makolo amene mumakhala pansi ndi ana madzulo kuchita masamu, ndati ndilembeko za timitengo tija ta Cuisenaire chifukwa anthu angapo andifunsa kuti kodi ndi tothandizadi kapena ndi zidole chabe zongotayitsa nthawi. Ine ndimaphunzitsa ana a zaka 6 ndi 7 ndipo ndakhala nato matemu awiri tsopano, pafupifupi tsiku lililonse. Ndi tabwino zedi, sindikubisirani, koma pali zina zoti mudziwiretu musanagule.

Kwa amene simunationepo, ndi timitengo tamakona anayi totalika mosiyana, kuyambira sentimita 1 mpaka masentimita 10, ndipo utali uliwonse uli ndi mtundu wake. Koyera ndi 1, kofiira 2, kagirini kowala 3, kapepo 4, kachikasu 5, kagirini kodera 6, kakuda 7, kabulawuni 8, kabuluu 9, kaolenji 10. Palibe nambala yolembedwapo, ngakhale timizere ayi. Tsiku lomwe ndinatsegula bokosi ndinakhumudwa pang'ono, ndinkati nanga mwana adziwa bwanji kuti aka ndi 7, koma pano ndikuona kuti ubwino wake wagona pomwepo, mwana sangawerenge kamodzikamodzi, ayenera kuyerekeza basi. Anatipanga ndi Georges Cuisenaire, mphunzitsi wa pulayimale wa ku Thuin mdziko la Belgium, kenako Caleb Gattegno, katswiri wa kaphunzitsidwe ka masamu, atakumana naye mu 1953 ndi amene anatifalitsa mmayiko ambiri. Mitunduyinso sanangoyisankha mwachisawawa, 2, 4 ndi 8 ndi banja limodzi lofiirira, 3, 6 ndi 9 ndi a kugirini ndi buluu, 5 ndi 10 ndi chikasu ndi olenji.

Sabata yoyamba ndinalakwitsa. Ndinangogawa timitengo nkuyamba phunziro nthawi yomweyo, ndikuti gwirani kachikasu, palibe anandimva, aliyense anali kalikiliki kumanga nyumba, wina mpanda, wina galimoto. Ndiye ndinasiya. Ndinawapatsa sabata yathunthu kuti azingosewera mphindi 15 tsiku lililonse popanda ine kunena kanthu za masamu, ndipo chonde ngati mungagule musadumphe gawo limeneli chifukwa mkusewera momwemo ndi mmene amadziwira kuti tofiira tiwiri timafanana ndi kapepo, asanamve nkomwe mawu oti kuphatikiza. Tsiku lachinayi gulupu ina inamanga masitepe, kuyambira koyera mpaka kaolenji, osauzidwa ndi munthu. Ndinangowafunsa kuti mungatani kuti masitepe onsewa afanane ndi kaolenji, iwo nkuyamba kudzadza, pa kabuluu koyera, pa kabulawuni kofiira, pa kakuda kagirini kowala, mpaka linatuluka khoma losalala. Manambala onse awiriawiri opanga 10 anali patebulo pamenepo, zomwe zaka zammbuyo ndinkawalowezetsa pa bolodi mpaka mawu kusasa.

Koma chomwe chandichititsa kulemba ndi mtsikana wina mkalasi mwangamu. Mwana wofatsa, womvera, koma masamu ankamuliza. Ukamufunsa 7 kuphatikiza 3 amayamba kuwerenga zala kuchokera pa 1, akafika pakati wasokonezeka, ayambirenso, anzake atamaliza kalekale, ndiye anafika poti nthawi ya masamu ikakwana amapempha kupita panja. Tsiku lina tikuchita masewero a sitima, timatero tikalumikiza timitengo motsogozana, anaika kakuda pansi pa kaolenji nkuyang'anitsitsa mpata wotsalawo, anayesa kofiira kanachepa, anayesa kapepo kanapitirira, anaika kagirini kowala kanakwana ndendende. Anandikoka dzanja nkuti “aphunzitsi, kakuda kamasowa kagirini kuti kafanane ndi kaolenji.” Ndinamuuza kuti tiye tilembe zomwe wanenazo, tinalemba 7 + 3 = 10, kenako ndinachotsa kagirini kaja nkumufunsa kuti tsopano chachitika nchiyani, iye yekha ananena kuti 10 kuchotsa 3 kwatsala 7. Mtima wanga unadzadza tsiku limenelo. Sikuti pano ndi katswiri, ayi, zala amawerengabe nthawi zina, koma za kupita panja zija zinatha ndipo akalakwa amatenga timitengo kudzikonza yekha osadikira kuti ine ndichonge.

Masewero ena amene akutiyendera bwino ndi obisa manja kumbuyo, mnzake amuike kamtengo mmanja iye anene mtundu wake pongokhudza. Enanso ndi oyala tofiira pansi pa kamtengo kalikonse, komwe tofiira takwana ndendende ndi nambala yogawika pawiri, komwe patsala mpata wa koyera ndiye ayi. Ndipo funso lakuti mungapange sitima zingati zofanana ndi kachikasu linatitengera piriyodi yonse. Zilipo 16 mukawerenga kusintha malo ngati sitima ina, kachikasu pakokha nakonso kukawerengera, ana anga anapeza 12 nkuyamba kukangana kuti kofiira kutsogolo kagirini kumbuyo ndi sitima yomweyo kapena ina mukatembenuza. Mkangano umenewo sindinauthetse msanga dala.

Tsopano zovuta, ndipo zilipo ndithu. Bokosi laling'ono limakhala ndi timitengo 74, toyera 22, tofiira 12, tagirini towala 10, tapepo 6, kenako mitundu ina yonseyo tinayitinayi. Limenelo ndi la ana awiri kapena atatu, mukakakamiza anayi, ndiye amene muli ndi kalasi yodzadza musaganize kuti bokosi limodzi likukwanirani, azingolimbirana taolenji. Ine ndili ndi mabokosi asanu ndipo ndimasinthanitsa magulupu, ena akugwira timitengo ena akujambula mmakope zomwe anamanga dzulo. Toyera timasowa koopsa, ndi kakang'ono ngati nsonga ya chala, kagwera pansi pa desiki, kalowa mthumba la yunifolomu, temu yoyamba ndinataya toposa 20. Pano aliyense asanatuluke gulupu imamanga masitepe ndi kuwerenga toyera, zimadya mphindi zisanu koma palibe kuchitira mwina. Ndipo makolo muli ndi khanda lokwawa kapena mwana wosakwana zaka 3 sungani patali, akhoza kumeza nkutsamwa.

Opanga ndi ambiri ndiye samalani. Mabokosi anga atatu ndi a matabwa, awiri ndi a pulasitiki, ndipo a pulasitikiwo sindikukondwera nawo. Ndi opepuka, amatereka patebulo, mwana akangogunda pang'ono sitima yonse yamwazika, komanso kagirini kodera ndi kakuda pafupifupi nchimodzimodzi mkalasi mukachita kamdima. A matabwa amalemerera bwino mmanja ngakhale penti yayamba kusupuka mmakona. Pali mtundu winanso wolumikizana wokhala ndi timizere pa sentimita iliyonse, mnzanga wa kalasi yoyandikana ali nawo, umathandiza kuti zisamwazike koma ana ake amangowerenga timizereto kamodzikamodzi, kubwerera ku zala zomwe zija. Ine ndingasankhe tosalala. Kumbukiraninso kuti pali ana ena, makamaka anyamata, amene maso awo sasiyanitsa bwino zofiira ndi zagirini, ameneyo musamukalipire kuti sakumvera, muloleni aziyeza ndi utali.

Vuto lalikulu kuposa onsewa si la bokosi koma la ife aphunzitsi. Mwana akhoza kumamatira kuti kofiira ndi 2 basi mpaka kalekale, ngati dzina lake. Ndinazindikira izi mnyamata wina atandiuza kuti sangachite 4 kuphatikiza 4 chifukwa tapepo tatha. Ndiye masiku ena ndimasintha, ndimati lero kofiira ndi 1, nanga kapepo ndi chiyani, nanga kaolenji? Poyamba amakana kuti aphunzitsi mukunama, kenako amayala nkupeza kuti kapepo ndi 2, kaolenji ndi 5, ndipo apa ndi pomwe theka limayambira kumveka, koyera kasanduka theka la kofiira. Jerome Bruner, katswiri wa za kaphunziridwe ka ana, ankanena zoti mwana amayamba ndi kuchita ndi manja, kenako chithunzi, kenako zizindikiro, ndiye ine phunziro lililonse limathera mkope, amange, ajambule zomwe wamanga, alembe nambala pansi pake. Mukangowasiya pa kumanga pokha mayeso akabwera papepala adzangoyang'ana kudenga.

Pa manambala akuluakulu, kupitirira 30 kapena 40, timitengoti timayamba kuchuluka patebulo ndipo phindu limachepa, pamenepo mitolo ya makumi kapena mabuloko aja a mazana ndi makumi amachita bwino. Koma pa 1 mpaka 20 sindinapeze china choposa. Amene simungapeze bokosi dulani katoni yolimba ndi rula, mulifupi sentimita 1, mupake mitundu yomweyo, ndinayesa kuti ana azitengera kunyumba ndipo imagwira ntchito, kungoti masitepe oimirira samangika ndipo ikanyowa yatha. Temu ikubwerayi ndapempha ahedi mabokosi ena atatu, a matabwa, ndi kapaketi ka toyera tokhatokha.