Mawindo a Selfridges ku London: chimene chimaimitsa munthu mumsewu

Selfridges ndi sitolo yaikulu ya pa msewu wa Oxford Street, ndipo anaitsegula pa 15 Malichi 1909 Harry Gordon Selfridge, Mmereka amene anakhwimira pa malonda ku sitolo ya Marshall Field ku Chicago. Kuyambira nthawi imeneyo mawindo ake ankasiyidwa akuwala usiku sitolo itatsekedwa, kuti wodutsa aone chovala, agone nacho m'mutu, m'mawa abwere ndi ndalama. Mpaka pano ndi mawindowa amene amaitana anthu, ndipo mwini shopu ya zovala ali ndi zambiri zoti atolepo.

Ambiri mwa mawindowa ndi timazipinda totsekedwa kumbuyo. Diso silithawira kwa ogulitsa kapena mashelefu a mkati, limagwera pa chovala basi. Zinthu amaika zochepa. Chinthu chachikulu chimakhala chimodzi, pamsinkhu wa maso, cha m'ma mita 1.5 kuchokera pansi pomwe munthu waima panja, ndipo zina zonse zimangochiperekeza. Zidole zovekapo zovala zikakhala zitatu, chimodzi chitatalikirako, zimakopa kuposa zinayi zofanana zondanda ngati asilikali. Komanso munthu wa pa Oxford Street sabwera molunjika pa galasi, amadutsa chammbali ali pa changu, n'chifukwa chake chidole chopendekera pang'ono komwe anthu akuchokera chimaoneka msanga kuposa choyang'ana kutsogolo.

Pa magetsi m'pamene sitoloyi imaposa anzake, ndipo apa ambiri amalakwitsa. Kunja kukawala kuposa mkati, galasi limasanduka kalilole: wodutsa amangodziona yekha ndi mabasi ofiira kumbuyo kwake. Choncho windo limafuna magetsi amphamvu masana kuposa usiku. Selfridges ili kumpoto kwa msewu, mawindo ake akutsogolo anayang'ana kumwera komwe dzuwa la ku Ulaya limadutsa, ndiye vutoli ndi lenileni. Mankhwala ake ndi mababu olunjika pa chovala kuchokera pamwamba chakutsogolo. Babu ikakhala pamutu penipeni pa chidole, mthunzi umagwera pachifuwa ndipo nsalu imaoneka yakufa. Mababu a LED a 3000K, owala mwachikasu pang'ono, amakometsa zofiira, zachikasu ndi zakhofi, pomwe a 4000K, owala moyera, amayenera zoyera ndi zabuluu.

Cholakwika chilipo. Nthawi zina luso limapyola malire, windo n'kukhala chionetsero cha zojambulajambula, chovala n'kumira m'zokongoletsa. Munthu amajambula ndi foni, n'kumapita osadziwa chimene chikugulitsidwa. Pa nyengo ya Khirisimasi zimanyanya, chifukwa khamu la ojambula limatchinga ofuna kuona malaya. Selfridges ikhoza kupirira zimenezi poti dzina lake ndi lokwanira kulowetsa anthu. Shopu yaing'ono ya ku Limbe kapena ku Area 3 ikatengera zimenezo, ingotaya ndalama.

Zoti itengere n'zotsika mtengo. Chovala chisitidwe chisanavekedwe, kenako chikokedwe ndi mapini kumsana kwa chidole kuti chigwire thupi, koma mapiniwo asaoneke kwa woima chammbali. Mitundu isapitirire iwiri kapena itatu pa windo limodzi. Chovala cha pawindo chikhalenso mkati, pafupi ndi khomo, m'masaizi angapo. Palibe chokhumudwitsa kasitomala ngati kuuzidwa kuti "chatsala chomwecho cha pa chidolecho". Mtengo ulembedwe pa kakhadi kakang'ono pansi, chifukwa ambiri amaopa kulowa kukafunsa.

Dzuwa limasulutsa nsalu, makamaka zakuda, zofiira ndi zabuluu woderako, ndipo limasulutsa mbali yakutsogolo yokha, chovala n'kukhala cha mitundu iwiri chosagulitsika. Kwathu kuno komwe dzuwa limaswa mtengo, chovala chisapyole masabata awiri pawindo, ndipo galasi lipukutidwe kunja ndi mkati m'mawa uliwonse shopu isanatsegulidwe.