Stimulator ya mu labotale: makina ndi abwino, mawaya ndiwo akufooka

Anzanga amene mumayesa mankhwala olefula minofu, aja amabaya wodwala pa opaleshoni, ndikuuzeniko za stimulator yomwe ndikugwiritsa ntchito. Ndi kabokosi kotumiza magetsi ochepa ku mtsempha, ndipo kamabwera ndi transducer yoyeza mphamvu imene mnofu wakoka nayo.

Ine ndimayesera pa mnofu wopumira wa khoswe pamodzi ndi mtsempha wake wa phrenic, njira imene Edith Bülbring anafotokoza mu 1946. Kamnofuko kamakhala m'madzi a Krebs (madzi amchere osungiramo mnofu kuti usafe) ofunda madigiri 37, tithovu ta okosijeni tikukwera pambali, kaulusi katamangidwa ku transducer.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti makinawa ali ndi potulukira magetsi pawiri: pena popita ku mtsempha, pena ku mnofu weniweniwo. Ukathira rocuronium, mmodzi mwa mankhwala olefula minofu aja, m'madzimo, mizere ya pa kompyuta yoonetsa kukoka kwa mnofu imayamba kufupika pang'onopang'ono mpaka zii. Ungaganize kuti mnofu wafa. Koma ukangotembenuza switch kuti magetsi afike pa mnofu osadzera mu mtsempha, kamnofu kaja kamakoka mwamphamvu ndithu! Pamenepo wophunzira amaona ndi maso ake kuti mankhwalawa sanakhudze mnofu. Angotseka malo amene acetylcholine, amene mtsempha umatulutsa pouza mnofu kuti ukoke, amafikira pomwe mtsempha wakumana ndi mnofu. Claude Bernard anaonetsa zimenezi pa achule ndi curare, poizoni wolefula minofu, m'zaka za m'ma 1850, ndipo n'zosangalatsa kuti lero ungazionetse ndi chala chimodzi, osasokoneza kamtsempha kosachedwa kuvulala kaja.

Batani la train-of-four nalonso sililakwitsa: magetsi kanayi, theka la sekondi pakati pake. Pa rocuronium kukoka kwachinayi ndiko kumayamba kufooka, pomwe pa suxamethonium, mankhwala ena olefula minofu, konse kunayi kumatsikira limodzi. Ukathira neostigmine, mankhwala obwezeretsa mphamvu ya mnofu, pambuyo pa rocuronium, umaona mizere ikudzukanso, ndipo pulogalamu imakuwerengera mphamvu yachinayi poyerekeza ndi yoyamba. Nambala imeneyi si yamasewera. Kwa wodwala imayenera kufika 0.9 asanamuchotse chubu chopumira, chikhalirecho diso la munthu limasiya kuona kusiyanako ikangodutsa 0.4. Ndimafuna aliyense wophunzira pano azituluka atazimvetsa zimenezo.

Dandaulo langa lili pa mawaya. Timano take togwirira sitichedwa kuchita dzimbiri ndi mchere wa m'madzi a Krebs, ndipo tikatero mzere umanjenjemera mnofu uli phee. Kwa munthu amene akuyeza kufooka kochepa, zimenezi zingamunamize. Kabuku ka malangizo sikanenapo kanthu za kasamalidwe kake.

Makinawa gulani, koma muitanitsiretu mawaya ena apadera, ndipo mukamaliza ntchito muzitsuka timanoto ndi madzi oyera opanda mchere, n'kutiumitsa bwino musanatisunge.